Msewu ndi wa Yani? Mbiri ya Mkangano wa Madalaivala ndi Akabaza

Pa gawo la mbiri ulendo uno tikambirane za nkhondo imene taizolowera kwambiri mpaka sitiionanso ngati nkhondo: ya madalaivala a galimoto ndi anyamata a kabaza wa njinga zamoto. Ndani sanaonepo dalaivala atatulutsa mutu pawindo akulalata, wakabaza naye akubweza mawu kwinaku akuthira moto? Nthawi zambiri zimathera pa kutukwanizana. Koma pena galasi limasweka, munthu amamenyedwa, ndipo wovulala amagona pa tala kudikira thandizo pamene anthu ali kalikiliki kukangana kuti walakwa ndani.

Nkhaniyi ndi yathu. Ambiri a ife timakwera kabaza pafupifupi tsiku lililonse. Anzathu ena amene tinalemba nawo MSCE pano ali pa siteji, akusaka ya ndiwo ndi njinga ya bwana. Ena bambo awo kapena amalume awo ndi madalaivala a minibasi. Ukafunsa dalaivala, amati akabaza alibe mwambo ndipo msewu sanauphunzire. Ukafunsa wakabaza, amati agalimoto ndi odzikonda, amaiwala kuti panjingapo pakwera munthu. Onse ali ndi mfundo, koma mbiri ikutiuza china chimene onse awiri sachitchula. Mkwiyo wa pamsewu umakula nthawi iliyonse imene mwalowa mlendo koma palibe amene wamukonzera malo ndi malamulo omveka. Lero mlendoyo ndi njinga yamoto. Dzulo anali minibasi. Dzana anali galimoto yomweyo.

Galimoto nayo inayamba ngati mlendo

Tiyambire ku Britain, kumene tinatengera malamulo ambiri a pamsewu, kuphatikizapo kuyenda kumanzere. Mu 1865 nyumba ya malamulo ya kumeneko inalamula kuti makina oyenda okha pamsewu asapyole mamailosi 4 pa ola kumidzi ndi mamailosi 2 m'tauni, ndiponso kuti kutsogolo kwake kuziyenda munthu atanyamula mbendera yofiira. Limenelotu ndi liwiro la munthu woyenda wapansi basi. Eni msewu masiku amenewo anali oyenda pansi, akavalo ndi ngolo. Lamuloli linafewetsedwa mu 1896, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho mayi wina dzina lake Bridget Driscoll anagundidwa ndi galimoto ku Crystal Palace mu London. Amadziwika kuti ndi munthu woyamba woyenda pansi kuphedwa ndi galimoto m'dzikolo.

Ku America nako, magalimoto atachuluka m'mizinda m'zaka za m'ma 1920, anthu ambiri anayamba kufa, makamaka ana amene ankasewera mumsewu monga ankachitira kale. Manyuzipepala ankajambula dalaivala ngati wakupha, ndipo pena khamu linkafuna kumenya dalaivala amene wagunda mwana. Mu 1923 anthu oposa 40,000 a mumzinda wa Cincinnati anasaina chikalata chofuna kuti galimoto iliyonse iikidwe kachipangizo koiletsa kupyola mamailosi 25 pa ola. Ogulitsa magalimoto anachita kampeni yamphamvu ndipo ganizoli linagonja pa voti. Kuyambira pamenepo makampani ndi mabungwe a eni magalimoto analimbikira kuphunzitsa anthu kuti msewu ndi wa galimoto, woyenda pansi aziwolokera pamalo pake. Ndiye maganizo akuti msewu ndi wa galimoto sanachite kugwa kumwamba ayi. Anthu anachita kuwamenyera nkhondo, ndipo angokwanitsa kumene zaka 100.

Kuno kwathu galimoto inabwera ndi ubwana. M'nthawi ya atsamunda mzungu ankanyamulidwa pa machila, kenako anadzakwera njinga yamoto ndi galimoto, pamene makolo athu ankayenda wapansi atasenza katundu wake. Galimoto inali ya boma, ya mzungu wa ku esiteti, ya mmwenye wa sitolo kapena ya ku mishoni. Titalandira ufulu mu 1964 ulemu wa galimoto sunachepe. Agogo athu amafotokoza kuti mdipiti wa Kamuzu ukamadutsa msewu unkatsekedwa, aliyense n'kupatuka, ndipo midipiti ya akuluakulu imaterobe mpaka pano. Tonse tinakula ndi phunziro limodzi: wamkulu akamabwera, wamng'ono atsike mu tala. Lole ikaliza hutala, wa njinga yakapalasa amalumphira m'fumbi osafunsa. Tsono njinga yamoto ndi yaing'ono ngati yakapalasa koma imathamanga ngati galimoto, ndiye mu tala siitsikamo. Dalaivala amene anazolowera kupatukiridwa amaona ngati ndi mwano.

Dzina la matendawa

Pa Chingerezi khalidwe limeneli amalitcha road rage, kutanthauza mkwiyo wa pamsewu. Mawuwa anatchuka ku Los Angeles cha mu 1987, madalaivala atayamba kuwomberana mfuti m'misewu ikuluikulu ya mumzindawo pa tinkhani ting'onoting'ono.

Nkhani yodziwika kwambiri ya galimoto ndi njinga zamoto inachitika ku New York pa 29 Sepitembala 2013. Gulu lalikulu la okwera njinga zamoto, a zosangalatsa osati a geni, linali pa msewu wa Henry Hudson Parkway. Mmodzi anachepetsa liwiro kutsogolo kwa Range Rover momwe munali bambo, mkazi wake ndi mwana wawo wamng'ono, ndipo galimotoyo inamukhudza kumbuyo. Anzake anazungulira galimotoyo. Dalaivala, chifukwa cha mantha, anathira moto n'kuponda ena mwa iwo, ndipo mmodzi analumala. Gululo linamuthamangitsa, linaswa magalasi, linamutulutsa n'kumumenya banja lake likuona. Zambiri mwa izi zinajambulidwa pa kamera ya pa helemeti, ndipo ena mwa ochita chipolowecho anakalowa kundende, kuphatikizapo wapolisi amene anali m'gulumo.

Taonani mmene zinayendera: kugundana kwakung'ono, khamu kuzungulira, mantha, kuthawa, kuthamangitsana. Pomaliza wina walumala, wina wamenyedwa, ena ali kundende. Si mmene zimayenderanso ku Limbe kapena ku Mchesi? Ndiye tisamati vutoli ndi la umphawi kapena kusaphunzira kokha. Kumeneko misewu ndi yotakasuka, koma mantha ndi khamu zinagwira ntchito yake chimodzimodzi. Chosiyana n'chakuti kuno ku Africa njinga yamoto si chosewerera, ndi khasu la munthu. Pachifukwa chimenecho tiyenera kuona kuti khasuli linafika bwanji mumsewu.

Kumene kabaza wamoto anachokera

Ku Uganda ndi ku Kenya amati boda boda. Dzinali linayambira ku Busia, tauni ya pa malire a maiko awiriwa, kumene anyamata a njinga zakapalasa ankanyamula anthu ndi katundu kuchoka pa chipata cha dziko lina kukafika pa cha dziko linalo. Geniyi inakula m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya Idi Amin, chuma cha Uganda chitasokonekera ndipo anthu akuzembetsa khofi ndi katundu wina pa malire. Njinga zamoto zinayamba kulowa m'malo mwa zakapalasa m'zaka za m'ma 1990. Ku Kenya, mu 2008, boma la Mwai Kibaki linachotsa msonkho pa njinga zamoto zing'onozing'ono, ndipo m'zaka zochepa zinali paliponse. Njingazo zinafika msanga kuposa masukulu oyendetsa, mahelemeti ndi malamulo.

Ku Nigeria amati okada, kuchokera ku dzina la kampani ya ndege ya Okada Air. Anthu ankaseka kuti magalimoto akathithikana, njinga yamoto imakufikitsa ngati wakwera ndege. Okada anafala m'zaka za m'ma 1980, mtengo wa mafuta amene dzikolo limagulitsa kunja utagwa, ntchito zitasowa ndipo mabasi atachepa.

Kulikonseko njira yake ndi imodzi. Mabasi akafooka, ntchito zikasowa, mizinda ikakula mofulumira, njinga yamoto imatulukira kudzatseka mpatawo. Palibe boma limene linakhala pansi n'kunena kuti tiyeni tiyambitse kabaza. Anamuyambitsa ndi anthu ofuna kufika kumene akupita pamodzi ndi anyamata ofuna kudya.

Ulendo wa kwathu: kuchoka pa basi kufika pa Lifo

M'nthawi ya chipani chimodzi, anthu ankayenda pa mabasi a kampani ya United Transport Malawi, imene ankangoitcha UTM, osati chipani chija ayi. Kumene basi sinkafika, anthu ankakwera matola. Mu 1989 kampani ya Stagecoach ya ku Scotland inagula UTM, inachoka mu 1997, ndipo mabasiwo anasanduka Shire Bus Lines, imene nayo inadzagwa m'zaka za m'ma 2000. Pamene mabasi akuluakuluwa ankafooka, ufulu wa malonda umene unabwera m'zaka za m'ma 1990 unatsegulira khomo maminibasi, ambiri mwa iwo akale ochokera ku Japan.

Tafunsani akuluakulu kunyumba mmene anthu ankaonera minibasi masiku amenewo. Kuima paliponse, kupanikiza anthu anayi pa mpando, kulimbirana okwera, oitanira kukokera anthu zikwama pa depoti. Mawu onse amene lero timanenera akabaza ankanenera madalaivala a minibasi. Pang'ono ndi pang'ono bungwe la eni maminibasi la MOAM linayamba kumveka, masiteji anadziwika, boma linalamula kuti pa mpando pazikhala atatu. Mavuto sanathe, tonse tikudziwa, koma minibasi inalandiridwa ngati mmodzi wa eni msewu. Lamulo lalikulu la pamsewu limene tikugwiritsa ntchito, Road Traffic Act, ndi la 1997. Chaka chimenecho njinga yamoto inali ya mlangizi wa zaulimi, wa zaumoyo kapena abusa, ndipo palibe ankaganiza kuti idzakhala takisi ya dziko lonse.

Kabaza anayamba ndi kapalasa, makamaka m'madera afulati monga Salima, Mchinji, Chikwawa, Nsanje ndi Karonga, ndipo ku Mzuzu ankamutcha sakaramento. Wa kapalasa sankavuta madalaivala kwenikweni chifukwa ankatsatira phunziro lija lotsika mu tala. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 2010 pamene njinga zamoto zotsika mtengo za ku China ndi ku India zinayamba kuchuluka: Lifo, Sanlg, King Lion, Boxer. Zambiri zinalowera ku Mozambique, kumene malire athu ndi aatali ndipo tinjira ndi tambiri. Njinga imene sinalipire msonkho ku MRA imavuta kulembetsa, ndiye zambiri zinayamba ntchito zopanda nambala.

Onjezerani chiwerengero cha anthu. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 1998 pafupifupi 10 miliyoni, wa 2018 anthu 17.5 miliyoni, ndipo theka la iwo anali osafika zaka 18. Chaka chilichonse achinyamata ochuluka timamaliza Folomu 4, koma malo ku koleji ndi ntchito za muofesi n'zochepa. Mizinda nayo yafalikira kutali ndi tala. Minibasi imakusiya pa siteji, koma kulowa mkati mwa Chinsapo, Kauma, Bangwe, Machinjiri kapena Zolozolo, wokufikitsa pakhomo ndi kabaza. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso mafuta atayamba kusowa, mitima inawonjezera kutentha. Mizere ya pa filing'i siteshoni inasanduka bwalo lina la mkangano womwewu, agalimoto akudandaula kuti njinga zikulowerera kutsogolo pamene iwo agona pa mzere.

Chimene chimapsetsa mtima mbali zonse

Tikhale kaye pa mpando wa dalaivala. Galimoto iliyonse ili ndi malo m'mbali amene magalasi saonetsa, ndipo njinga yamoto imakwana bwinobwino pamalo amenewo. Dalaivala akufuna kukhota kumanzere, waonetsa, mwadzidzidzi njinga yatulukira mbali yomweyo itanyamula anthu atatu ndi thumba la makala. Usiku zina zimayenda zopanda magetsi. Ikakanda chitseko kapena kuthyola galasi la m'mbali, palibe nambala yoti alembe, palibe inshuwalansi yoti ilipire. Ngati galimotoyo ndi ya abwana, ndalama yokonzera amudula pa malipiro. Pamwamba pa zonsezi pali mantha: amadziwa kuti akaima, pakangopita mphindi zochepa azunguliridwa ndi njinga zambiri, kaya walakwa kaya sanalakwe. N'chifukwa chake ena amathawa, ndipo kuthawako kumatsimikizira akabaza kuti agalimoto alibe chisoni.

Tsopano tikwere panjinga. Akabaza ambiri njingayo si yawo. Tsiku lililonse pali tageti ya mwini njinga, pali mafuta, ndipo chotsalacho ndiye cha pakhomo. Mphindi iliyonse imene waima pa mdipiti wa magalimoto ndi ndalama yotayika, ndiye amalowa pakati. Kuyendetsa anaphunzira kwa mnzake pa bwalo la mpira masiku ochepa, chifukwa ndalama ya sukulu yoyendetsa, laisensi, kulembetsa ndi inshuwalansi zikaphatikizana zimaposa zimene angasonkhanitse. Amadziwa kuti malamulo sakuwakwanitsa, ndiye akaona apolisi a trafiki amathawa, ndipo galimoto ikamugunda amaopa kukadandaula poti mlandu ungamutembenukire. Munthu amene ali kunja kwa lamulo alibe khothi lina koma anzake.

Palinso akuba. Tonse tamvapo za akabaza amene anatengedwa usiku ngati akupita ndi kasitomala, kenako n'kuvulazidwa kapena kuphedwa, njinga n'kulandidwa. Zimenezi zinaphunzitsa anyamata a pa siteji kuti mmodzi akaitana, onse athamangire. Umodzi umenewu ndi umene umasonkha ndalama mnzawo akagona kuchipatala, ndi umene umagula bokosi pa maliro. Koma umodzi womwewo ukafika pa ngozi mitima ili m'mwamba, umasanduka khamu lomenya munthu lisanamve nkhani.

Ndipo pa kugundana kulikonse, awiriwa salipira mofanana. Dalaivala ali m'chitsulo, wakabaza bampala yake ndi mwendo wake. Amene anakazondapo wodwala ku wodi ya mafupa ku Queens kapena ku Kamuzu Central akudziwa kuti mabedi ambiri ndi a anthu a ngozi za njinga zamoto, oyendetsa ndi okwera omwe. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka pa dziko lonse, ndipo ndi zimene zimapha kwambiri anthu a zaka 5 mpaka 29. Msinkhu umenewutu ndi wathu, a kalabu.

Mizinda itatu, njira zitatu

Anzathu amene anayamba kale kulimbana ndi nkhaniyi anayesa njira zosiyana, ndipo zotsatira zake zikuoneka.

Lagos inasankha chiletso. Mu 2012 boma la Babatunde Fashola linaletsa okada m'misewu 475. Mu Febuluwale 2020 kunabwera chiletso china m'madera ambiri a mumzindawo, ndipo anthu anayenda wapansi mitunda italiitali popita kuntchito chifukwa mabasi sankakwana. Mu Meyi 2022 mnyamata wina anaphedwa ndi khamu ku Lekki pa mkangano umene unayambira pa ndalama ya okada, ndipo bwanamkubwa Babajide Sanwo-Olu analetsanso okada m'madera 6 kuyambira pa 1 Juni. Njinga zolandidwa zinkaphwanyidwa ndi makina anthu akuona. Koma dzifunseni: ngati chiletso cha 2012 chikanagwira ntchito, cha 2020 ndi cha 2022 chikanafunikanso? Bola anthu akufunabe kuyenda ndipo anyamata alibe ntchito ina, okada amabwerera, koma amabwerera ali wokwiya komanso wothawathawa kuposa kale.

Nairobi inalekerera mpaka zinthu zitafika poipa. Kwa zaka zambiri zinali zodziwika kuti ukagundana ndi boda boda, anzake akuzungulira, ndipo magalimoto ena anatenthedwa. Pa 4 Malichi 2022, pa msewu wa Wangari Maathai umene kale unkatchedwa Forest Road, mayi wina woyendetsa galimoto atachita ngozi ndi njinga yamoto anazunguliridwa ndi gulu la oyendetsa boda boda, amene anamuzunza ndi kumugwiragwira iye akukuwa m'galimoto. Kanema wake anafalikira pa intaneti ndipo dziko lonse linakwiya. Pulezidenti Uhuru Kenyatta analamula apolisi kuti achitepo kanthu komanso kuti oyendetsa onse alembetsedwe mwatsopano. Njinga zambiri zinalandidwa, kuphatikizapo za anthu amene sanali pamalopo ndipo ankangosaka ya ana awo. Paja nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Anyamata ochepa anaipitsa dzina la gulu lonse tsiku limodzi.

Kigali inayesanso chiletso mu 2006, koma anthu anadandaula kwambiri ndipo chinachotsedwa patangopita masiku ochepa. M'malo mwake akuluakulu a mzindawo anavomereza kuti njinga zamoto sizichoka, n'kuyamba kuzilongosola. Woyendetsa aliyense amavala chovala chokhala ndi nambala, amanyamula munthu mmodzi yekha, ndipo amayenda ndi mahelemeti awiri, yake ndi ya wokwera. Oyendetsawo anaikidwa m'magulu olembetsedwa. Sikuti kumeneko ndi kumwamba ayi: ngozi zimachitika, ndipo mu Januwale 2022 oyendetsa njinga anachita zionetsero podandaula za kukwera kwa inshuwalansi ndi mamita owerengera mtengo wa ulendo. Koma taonani kusiyana kwake. Munthu wokhala ndi nambala pamsana amadziwa kuti akamenya wina apezeka, amadziwanso kuti akagundidwa ali ndi pokadandaula. Mkwiyo wake umapita ku ofesi, osati pa galasi la galimoto ya munthu.

Kupatula malamulo palinso nkhani ya malo. Ku Malaysia, kumene njinga zamoto ndi zochuluka kwambiri, anamanga kanjira ka njinga zamoto zokha m'mbali mwa msewu waukulu wa Federal Highway kale m'zaka za m'ma 1970. Galimoto ndi njinga zikapanda kulimbirana mpata umodzi, zifukwa zotukwanizana zimachepa zokha.

Nanga ife tili pati?

Kunena zoona, tili pakati pa Lagos ndi Nairobi, ndipo ku Kigali sitinayandikire. Makhonsolo a mizinda ayesapo kuletsa akabaza m'misewu ina ya pakati pa tauni, apolisi amachita zipikisheni n'kulanda njinga, pakapita masabata angapo zonse zimabwerera mwakale. Chabwino n'chakuti akabaza ali ndi bungwe lawo la MACOKASA komanso makomiti a pa siteji, ndiye pali anthu okambirana nawo. Chimene mbiri ikusonyeza n'chakuti kulowa m'lamulo kuyenera kukhala kotheka kwa mnyamata wa tageti. Laisensi, nambala ndi inshuwalansi zikakhala za mtengo umene angakwanitse, ngakhale polipira pang'onopang'ono, pamenepo boma likhoza kulimbitsa dzanja popanda wodandaula kuti akuponderezedwa. Ndipo pamene misewu ya ku Lilongwe ndi ku Blantyre ikukuzidwa, tili ndi ufulu wofunsa makhansala ndi aphungu athu kuti malo a njinga ali pati.

Koma tisakankhire zonse ku boma, chifukwa ifenso tili m'nkhaniyi. Ife okwera ndi amene timati "thamangani aise, ndachedwa". Ndife amene timavomera kukwera atatu kuti tigawane mtengo. Ndife amene timakana helemeti poti iwononga tsitsi. Wakabaza amachita zimene kasitomala amalipira. Tikayamba kusankha amene ali ndi helemeti ndi nambala, n'kumatsika pamene wina akuyendetsa mosasamala, siteji idzasintha msanga kuposa mmene chipikisheni chingaisinthire.

Kwa anzathu a kalabu amene muli pa siteji: umodzi wanu ndi chuma, musautaye. Kambiranani pa komiti kuti pa ngozi choyamba ndi kutengera wovulala kuchipatala, chachiwiri kujambula nambala ya galimoto ndi malo a ngozi, chachitatu kuitana apolisi. Dalaivala asakhudzidwe ndi munthu. Mukamumenya, mlandu wa mnzanu wovulalayo umasanduka mlandu wanu, ndipo dalaivala wina amene waona zimenezo mawa sadzaima kuti athandize.

Kwa inu muli ndi malaisensi a galimoto, kapena mukuphunzira kumene: yang'anani kumanzere kawiri musanakhote, ndipo popitirira njinga isiyireni mpata ngati mukupitirira galimoto inzanu. Hutala ndi yochenjezera, osati yolangira. Ngozi ikachitika ndipo mwaona kuti pamalopo moyo wanu uli pachiswe, pitani molunjika ku polisi yapafupi mukadzinene nokha ndi kunena kumene wovulala ali, osati kunyumba. Ndipo kwa tonse oonerera: foni imene tikujambulira kuti tikaseketse anthu pa WhatsApp ikhoza kuimbira thandizo kapena kusunga umboni.

Zaka 100 zapitazo mlendo wodedwa anali galimoto. Zaka 30 zapitazo anali minibasi. Onsewa anakhazikika chifukwa anthu ankawafuna, ndipo malamulo anachita kuwatsatira m'mbuyo. Njinga yamoto nayo ikhala, kaya tiikonde kaya ayi, ndipo tsiku lina akabaza omwewa adzakhala akudandaula za mlendo wina watsopano. Chimene chili m'manja mwathu ndi kutalika kwa nthawi ya pakatiyi, komanso chiwerengero cha miyendo ndi miyoyo imene ithere pa tala tisanagwirizane kuti msewu ndi wa tonse. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tikakumana ku kalabu tidzapitirize kukambirana, ndipo anzathu a pa siteji ndi a pa chiwongolero mudzabwere mudzatiuze mbali yanu.